Ekiselo ya kalavani yapindika pa Mussacama, ndiwongoletse kapena ndigule ina?

Nyemba_za_Domwe
Moni nonse apagulu. Ndagwa m'vuto, ndigawireni nzeru. Ena mukuidziwa kalavani yanga ija yogonamo, ya matayala awiri, imene ndinagula kwa mkulu wina wa ku Joni amene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, nthawi imene ankalongedza zobwerera kwawo. Ndi imene ndimakoka ndi Hilux ndikamapita kogula nyemba ndi soya ku Tsangano ndi ku Macanga. Kumidzi kuja malo ogona alendo kulibe, ndiye ndimangotambasula tenti n'kugona pafupi ndi sikelo yanga.

Lachisanu lapitali ndikutsika kuchokera ku Ulongwe kupita ku Tete, nditatsala pang'ono kufika pa mphambano ya Mussacama, tayala lakumanzere linagwera m'dzenje. Ndinamva kuti gu! mpaka m'mano. Ndinaima, n'kuzungulira, tayala silinaphulike, ndinapitiriza. Pofika ku Moatize ndinayamba kumva fungo la girisi wopserera, ndipo nditagwira pakati pa tayala ndinachotsa dzanja msanga. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Chingodzi kwa alamu anga, kumene ili panopa. Ukaima kumbuyo n'kuyang'ana, tayala limenelo lapendekera mkati cha kumwamba, ndipo mphira wadyeka mbali yamkati yokha.

Anthu atatu andiuza zinthu zitatu. Wina akuti tiitenthe ndi moto tiiwongole. Wina akuti tidule nsonga yowonongekayo tiwotcherere ina. Wachitatu akuti ekiselo yonse itayidwe. Nyengo yogula mbewu ili mkati, ndalama zonse zili m'matumba a nyemba. Ndichite chiti?

Kabudula_Moatize
Dzenje la pamenepo nalonso likufunika livrete lake, chikalata cha galimoto chija, lakhalitsa kuposa magalimoto ena. Pepani achimwene.

MestreWaMatundo
Pepani bambo. Ndisanayankhe ndikufunseni kaye. Choyamba, mukagwada n'kusuzumira pansi, ekiselo yake ndi chitsulo chowongoka chomangidwa pa mola (sipuling'i), kapena ndi paipi yomangidwa ku chasisi yokhala ndi timikono kunsonga kwake? Chachiwiri, ili ndi mabuleki? Chachitatu, kutsogolo pafupi ndi engate, polumikizira ku galimoto paja, pali kachitsulo kolembedwa kulemera kwake, tiwerengereni zimene zalembedwapo. Ndipo mwachotsa kale habu kuti muone nsonga ya ekiselo, pamene pamakhala maberingi?

Nyemba_za_Domwe
Zikomo a Mestre. Ndi chitsulo cha ngodya zinayi chokhala pa mola, ndapima ndi 45 mm. Mabuleki ilinawo, aja amagwira okha galimoto ikamaima, a zingwe zochokera ku engate. Pa kachitsulo palembedwa Tare (kulemera kwake ili yopanda kanthu) 780 kg, GVM (malire a kulemera kwake pamodzi ndi katundu) 1200 kg. Habu tachotsa m'mawa uno ndi alamu. Beringi yakunja yaphwanyika, timiyala take tinangogwera pansi. Mphete ya beringi yamkati yakanirira, tayesa kuikhoma yakana. Nsongayo yasanduka yabuluu ndipo ili ndi mizere.

WotchaChitsulo_Ulongwe
Bweretsani kuno imeneyo, ya tsiku limodzi. Tawongola ma ekiselo a ngolo osawerengeka ife. Moto, nyundo ya makilo asanu, chingwe choyezera, basi. Anthu a m'tauni mumakonda kutaya zinthu zoti zikadagwirabe ntchito zaka khumi.

MestreWaMatundo
A Wotcha, ntchito yanu ndimailemekeza, koma ngolo ya ng'ombe imayenda liwiro la mwana wopita kusukulu. Iyi imathamanga 80 pa msewu wa N7 pakati pa mathiraki a malasha. Chitsulo chimene chapindika kamodzi, n'kuchitenthanso mpaka kufiira, n'kuchikhoma ndi nyundo, chimaoneka chowongoka koma mphamvu zake sizibwerera mwakale. Pamene chinapindikira ndi pamene chidzapindikirenso, kapena kuthyokeratu.

Komanso vuto la bambowa si kupindika kokha. Mwamva kuti nsonga yasanduka yabuluu. Mtundu umenewo ndi chizindikiro choti panatentha kwambiri, ndipo mphete ya beringi inazungulira pa nsongapo n'kuidya. Beringi yatsopano imafuna pokhala posalala, pothina bwino. Mukaiveka pa nsonga yodyeka izigwedera, chotsekera girisi chizidontha, ndipo musanafike n'komwe pa Zobue mudzakhala mukununkhizanso fungo lomwe lija. Ine ndikuti ekiselo yonse ichoke.

WotchaChitsulo_Ulongwe
Ndiye tidule nsonga tiikepo ina. Nsonga zatsopano zimagulitsidwa pazokha, mukudziwa inunso. Akadakhala kuti n'zoletsedwa sakadazipanga.

MestreWaMatundo
Pamenepo sindikutsutsani kwathunthu. Nsonga zimagulitsidwadi, ndipo amene amapanga ngolo amaziwotcherera. Koma amaziika m'paipi, pa chikombole chimene chimagwira mbali zonse ziwiri kuti zikhale mzere umodzi. Iyi ndi chitsulo chathunthu, nsonga yake anaisema pa torno, makina osemera zitsulo, kuchokera ku chitsulo chomwecho. Mukaidula n'kulumikiza mutu ndi mutu, katundu yense akhala pa msoko wanu. Ndipo thupi lake ndi lopindika kale. Mukuwotcherera mutu wabwino pa msana wothyoka.

Dalaivala_N7
Ine ndinaonapo tayala la ngolo litachoka lokha pa chitsikiro cha ku Zobue, likugubuduka kupitirira galimoto imene imaikoka. Linakathera m'munda wa chimanga, mwayi panalibe munthu. Titaima kuthandiza tinapeza nsonga yathyokera pa msoko penipeni, mkati mwake muli mabowo ngati chisa cha chiswe. Kuyambira tsiku limenelo za ekiselo yowotcherera pansi pa mtengo wa mango sindifuna kuzimva.

WotchaChitsulo_Ulongwe
Amene anawotcherera imeneyo si ine. Musatiike tonse m'dengu limodzi.

Dalaivala_N7
Sindinatchule dzina la munthu, mkulu.

Mphunzitsi_Furancungo
Ndiloleni ndipatuke pang'ono. Pagulu pano wina akuti ekiselo wina eixo, wina mola wina sipuling'i, wina beringi wina rolamento. A Nyemba mukapita kusitolo ku Tete mukati ekiselo adzakuyang'anani ngati mwatsika kumwezi, mukawoloka pa Calomue n'kukati eixo ku Dedza chimodzimodzi. Lembani papepala mayina onse awiri. Mwana wanga nditamutuma kukabwereka macaco (jeke, koma pa Chipwitikizi ndi dzinanso la pusi) kwa aneba anaima pakhomo n'kufunsa ngati aneba akuweta pusi.

Kabudula_Moatize
Aphunzitsi, ife a m'malire timadya mbali zonse. Ndalama tili nazo ziwiri, zilankhulo zitatu, koma msewu wabwino tilibe ngakhale umodzi.

Mcheni_Songo
Ine yanga inali ya mtundu winawo umene a Mestre anafunsa, ya paipi yokhala ndi timikono. Mkati mwa paipi muli zingwe zonenepa za mphira, ndizo zimagwira ntchito ya mola. Ndimakokera bwato ndi tenti ndikamapita kowedza ku nyanja ya Cahora Bassa. Mbali imodzi itayamba kukhala pansi, mnyamata wina anandinyengerera kuti aiwotcherera kachitsulo kolimbitsa. Moto utangofika pa paipi tinamva fungo la tayala lopsa. Mphira wamkati unapserera, ngolo inakhaliratu pansi ngati nkhuku yofungatira. Ndinagula yonse yatsopano, kuphatikizapo kulipira amene anaiwononga. Ndikunena izi kuti wina amene ali ndi ya mtundu umenewu asayerekeze kuisendeza pa moto. Ubwino wake ndi woti kusintha n'kosavuta, mabawuti ochepa a ku chasisi basi. Yanu a Nyemba ya mola ili ndi zoyeza zambiri.

MakeMapasa
Moni akuluakulu. Ine ndine mayi a kunyumba kwa amene afunsawa. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Bambo a mapasa, dzenje mwalitchula, fungo mwalitchula, mtundu wa buluu mwautchula. Nanga matumba asanu ndi atatu a nyemba amene munasanja pabedi ndi pansi m'kalavanimo chifukwa Hilux inali itadzaza, mwawaiwala?

Kabudula_Moatize
Eeeee! Khoti layamba. Mboni yafika yokha osaitanidwa.

Nyemba_za_Domwe
Mayi, nkhani za m'nyumba sizibwera pagulu.

MakeMapasa
Za m'nyumba sindinanene. Ndanena za m'kalavani.

Dalaivala_N7
Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu sanama. GVM 1200 kuchotsa 780, kwatsala makilo 420. Amenewo ndiwo katundu yense amene mukuloledwa kuikamo. Matumba 8 a makilo 50 ndi 400, ndipo tonse tikudziwa kuti thumba la wogula mbewu silikhala 50 yeniyeni, limasokedwa ndi chipewa pamwamba. Thanki ya madzi ndi ya malita angati?

Nyemba_za_Domwe
80. Inali yodzaza. Panalinso zigubu ziwiri za dizilo, batire, botolo la gasi ndi sikelo.

Dalaivala_N7
Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye 480 kale. Zigubu ziwiri za malita 20 ikani makilo pafupifupi 40. Batire, gasi, sikelo, miphika, zofunda, ikani 60 mwaulemu. Mwafika 580 pamalo pa 420. Dzenje lija linangomaliza ntchito imene nyemba zinayamba ku Ulongwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi wa aphunzitsi uja anagwa chagada.

Nyemba_za_Domwe
Chabwino, ndavomera. Mtengo unali wabwino tsiku limenelo, sindikanazisiya. Ndiye ngati ndikugula ina, bwanji ndigule yaikulu, ya 50 mm, kuti nkhani ya matumba ithe?

MestreWaMatundo
Ekiselo yokulirapo pang'ono si yoipa pa misewu yathu ya ku Tsangano ndi ku Furancungo, imapirira mabampu. Koma musaganize kuti mukaika ya 50 mm ndiye kuti kalavani yasanduka lole. Mola ndi zomwe zija, chasisi ndi yomwe ija, engate ndi yomwe ija, ndipo nambala ya pa kachitsulo ndi ya mu livrete sizisintha. Mukalimbitsa pamodzi, chofooka chotsatira ndicho chimathyoka, ndipo chasisi ikang'ambika pamene pamagwira mola mudzalakalaka ikadapindika ekiselo. Onaninso matayala. Pambali pake pali nambala, mwachitsanzo 195R15C 106/104. Nambala ya 106 ikutanthauza makilo 950 pa tayala limodzi litapopedwa mokwanira. Ena amaveka matayala a galimoto yaing'ono chifukwa chotchipa, n'kumadabwa akuphulika kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Tete, pamene phula limachita kunyeta.

Tsopano za miyeso, poti apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Musapite kusitolo n'kukati ndikufuna ekiselo ya kalavani. Tengani tepi, anthu awiri, ndipo mulembe mu mamilimita, osati "pafupifupi mita ndi theka".

Muyeso woyamba ndi kuchokera pa nkhope ya habu, pamene limu imagunda, kufika pa nkhope ya habu inayo. Poti yanu ndi yopindika ndipo habu imodzi mwachotsa, yezani kuchokera pakati penipeni pa ekiselo kupita mbali yabwinoyo, muchulukitse kawiri. Mukalakwitsa apa tayala lizikhula chasisi mkati kapena kutulukira kunja kwa madigadi.

Wachiwiri ndi kuchokera pakati pa mola yakumanzere kufika pakati pa mola yakumanja. Mola iliyonse ili ndi bawuti ya pakati imene mutu wake umalowa m'kabowo ka pa kampando ka ekiselo. Yezani bawuti mpaka bawuti, pa kalavani pomwepo, osati pa chitsulo chopindikacho.

Kenako mabawuti a tayala: alipo angati, ndipo atalikirana bwanji. Muonenso ngati ekiselo ili pamwamba pa mola kapena pansi pake, kukula kwa dilamu ya mabuleki, ndi manambala olembedwa pa maberingi a mbali yabwino. Jambulani zonse pa foni musanamasule kanthu.

Nyemba_za_Domwe
Tayeza. Nkhope mpaka nkhope 1580 mm. Mola mpaka mola 1160 mm. Mabawuti ndi 6, ekiselo ili pamwamba pa mola. Malimu ake ndimasinthanitsa ndi a Hilux.

MestreWaMatundo
Ngati akulowana ndi a Hilux ya mabawuti 6 ndiye kuti ndi 6 x 139.7. Pa mabawuti 6 kutsimikiza n'kosavuta, yezani pakati pa bawuti imodzi mpaka pakati pa yoyang'anizana nayo, mupeza pafupifupi 140 mm. Chimenecho musachisinthe, ndi chuma. Sipeya imodzi imathandiza galimoto ndi kalavani yomwe.

Sucata_Matema
Bwanji osangotenga ekiselo ya kumbuyo ya bakkie (pikapu) yakale? Ndili nazo ziwiri pano, mabawuti 6 omwewo, zolimba ngati mlatho wa Kassuende. Mtengo tigwirizana.

Mcheni_Songo
Imeneyo ili ndi difu pakati, kulemera kwake kudya gawo la makilo 420 aja musanaikemo n'supuni yomwe. Mabuleki ake oimitsira ndi a mafuta, pamene engate ya a Nyemba imakoka zingwe. Mudzatha mwezi mukulumikiza zinthu zosabadwira pamodzi.

Sucata_Matema
Mabuleki a chiyani pa kangolo kotere? Hilux imaima yokha.

Dalaivala_N7
Tsikani nayo kuchokera ku Angonia mvula itagwa, tani yathunthu ikukukankhani kumbuyo, mudzatiuze ngati Hilux imaima yokha. Malire a ngolo zopanda mabuleki amene opanga amatsatira ndi makilo 750. Iyi ikupitirira pamenepo ili yopanda kanthu.

MayiWaMbatata_Tsangano
Inu mukukangana za zitsulo, ine funso langa ndi la msewu. Ife mbatata yathu imafika ku Tete itasenda khungu chifukwa cha mabampu, wogula n'kumatsitsa mtengo. Mathiraki akatikana nthawi ya mvula timagulitsa motaya kwa aliyense wobwera. Tirigu timalima, mbatata timalima, mapichesi ali mbwee, koma njira yotulutsira ndiye mutu. A Nyemba musadzudzulidwe kwambiri, aliyense amene wafika kuno ndi galimoto amafuna atuluke ndi zonse ulendo umodzi chifukwa sadziwa ngati adzabwereranso.

MakeMapasa
Amayi musawaikire kumbuyo. Pabedi pamene ndinayala nsalu yanga yatsopano ndi pamene anasanjapo nyemba.

Woyang'anira_Gulu
Za msewu ndi zoona koma zili ndi tsiku lake. Tibwerere ku ekiselo, munthuyu akufuna adziwe kokagula.

Dalaivala_N7
Yambani mwazungulira mu Tete momwemo, masitolo a zipangizo za mathiraki ndi ngolo alipo angapo chifukwa cha migodi. Akakhala alibe ya muyeso wanu amaitanitsa. Kalavani zimenezi zambiri zimachokera ku South Africa, ndipo kumeneko opanga ma ekiselo amadula motsatira miyeso imene mwawapatsa. Ena a ku Angonia amathamangira ku Lilongwe poti kuchokera ku Ulongwe kudzera pa Calomue ndi Dedza ndi kufupi kuposa kutsikira ku Tete, koma kalavani yanu ili kale ku Chingodzi, ndiye muwerengere za pa chipata ndi zonyamulira. Kulikonse kumene mugule, sungani fakitura (lisiti). Chitsulo chatsopano chotalika chotere sichibisika pansi pa mpando.

Kabudula_Moatize
Ndipo osatumiza ndalama pa M-Pesa kwa munthu amene wangokuonetsani chithunzi. Msuweni wanga analipira injini ya chigayo, mpaka lero akupera pa mtondo.

MestreWaMatundo
Gulani yathunthu, yokhala ndi mahabu, maberingi ndi mabuleki ake, ngati thumba likulola. Dilamu ya mbali imene inapsa ija sindikuikhulupirira. Ndipo mugulenso ma grampo atsopano, aja omangira ekiselo ku mola amene ena amati ma U-bolt, ndi manati ake. Akalewo musabwezerepo. Amatamuka akamangidwa koyamba, ndipo anu alandiranso nkhonya ya dzenje. Ngati mwasankha ya 50 mm, ma grampo ndi timbale take zikhalenso za 50.

Tsiku loika, kalavani ikhale yopanda katundu, pamalo olimba ndi osatsetsereka. Botolo la gasi litsike likakhale kutali, batire mulimasule, makamaka ngati pakhala zowotcherera timipando ta mola. Masulani pang'ono manati a matayala ikadali pansi. Kwezani ndi jeke, muchirikize chasisi mbali zonse ziwiri kumbuyo kwa mola ndi ma cavalete (zochirikizira zachitsulo), kutsogolonso kukhale kochirikizidwa. Timiyendo tija ta m'makona si tonyamulira, ndi toletsa kugwedera mukagona. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Ndinataya mnzanga wa ntchito ndili mnyamata chifukwa cha buloko, nkhani imeneyi sindiseka nayo.

Masulani zingwe za mabuleki, ikani jeke pansi pa ekiselo, masulani ma grampo. Poti yanu ili pamwamba pa mola, mwina idzatuluka cham'mbali, apo ayi mumasule mola kumbuyo kuti itsike. Ikachoka yang'anani mola bwinobwino: tsamba losweka, bawuti ya pakati yopindika kapena yoduka, mabushi odyeka, ming'alu pamene mola imagwira chasisi. Dzenje limene lapinda chitsulo cha 45 mm silinasiye bawuti ya pakati ili bwino.

Poika yatsopano onani kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa mabuleki ali ndi lamanzere ndi lamanja, ndipo zingwe ziyenera kuloza koyenera. Ngati ili yokhota pang'ono pakati musaibweze kusitolo, ena amaipanga choncho dala, nsana wake umayang'ana kumwamba kuti ikalemedwa iwongoke. Mitu ya mabawuti a pakati ilowe m'mabowo ake. Mangani ma grampo pang'onopang'ono mopingasa, koma musanathinitse tengani tepi. Yezani kuchokera pakati pa engate kufika kunsonga yakumanzere, kenako kufika kunsonga yakumanja, pamalo ofanana. Miyeso iwiriyo ifanane, kusiyana kusapitirire mamilimita awiri kapena atatu. Ikasiyana kwambiri kalavani iziyenda chankhanu ndipo matayala azitha ngati sopo.

WotchaChitsulo_Ulongwe
Apa ndiye tigwirizana a Mestre. Ndipo timipando ta mola ngati tabwera tosawotcherera, ayeze kaye, agwiritse ndi timadontho, ayezenso, kenako awotcherere motsata utali wa chitsulo, osati modutsa. Msoko wodutsa pa ekiselo ndi poyambira mng'alu. Mukuona, ifenso timadziwa kanthu.

MestreWaMatundo
Sindinakayikepo, mkulu wanga. Nyundo yokha ija ndiyo ndinakana.

Mphunzitsi_Furancungo
Nanga nati ya beringi imamangidwa bwanji? Ine pa ngolo ya sukulu ndinamanga mpaka sipanala kulira, tayala linatentha tisanafike pa msika.

MestreWaMatundo
Ndiye kulakwa kwake kumeneko aphunzitsi. Girisi alowe mkati mwa timiyala ta beringi, muchite kumukanikiza ndi chikhatho mpaka atulukire mbali ina, osangopaka pamwamba. Mangani nati uku mukuzunguza habu mpaka mumve kuti yakhazikika, kenako bwezani pang'ono mpaka bowo la kapini lionekere pa mpata wa nati. Habu izizungulira momasuka, yosagwedera koma yosathina. Kapini kakhale katsopano, msomali ayi. Ngakhale ekiselo yabwera yomangidwa kale, tsegulani kachipewa muone ngati muli girisi wokwanira. Ndinalandirapo ina youma ngati chikwatu.

Mukamaliza sinthani mabuleki kuti mbali zonse zigwire mofanana, yesani handibuleki, yendani makilomita khumi, imani mugwire mahabu onse awiri. Kufunda n'kwabwino, kuwotcha ayi. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 mangitsaninso ma grampo ndi manati a matayala, chifukwa zatsopano zimakhazikika n'kumasuka.

AgogoNgolo_Domwe
Ana inu mwalankhula zambiri, mdzukulu wanga wandiwerengera zonse. Ine funso langa ndi limodzi. Chitsulo chakalecho mukuchitaya kuti? Ngolo yanga ya ng'ombe ekiselo yake inatha chaka cha mvula yambiri chija. Ng'ombe zanga sizithamanga 80.

WotchaChitsulo_Ulongwe
Mwaona! Pomaliza ibwerabe kwa ine. Agogo mukaipeza bweretsani, moto ndi nyundo zikudikira. A Mestre pamenepa muletsanso?

MestreWaMatundo
Ya ng'ombe wongolani, ndidzakugwirirani n'chingwe chomwe.

Nyemba_za_Domwe
Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zathera. Mu Tete ya muyeso wanga panalibe, sitolo ina inaitanitsa, inatenga masiku 16. Ndinatenga ya 50 mm yathunthu ndi mabuleki ake, 6 x 139.7, ma grampo anayi atsopano. Titatsitsa yakale tinapezadi bawuti ya pakati ya mola yakumanzere itapindika, ndi tsamba limodzi losweka limene silinkaoneka chifukwa cha matope. Tinasintha mola zonse ziwiri kuti zisasiyane msinkhu. Poyeza kuchokera pa engate koyamba panali kusiyana kwa 9 mm, tinamasula, n'kusuntha, mpaka kunatsala 2. Chimene chinativuta ndi zingwe za mabuleki, zakale zinali zazifupi pang'ono, tinatha tsiku lathunthu tikusaka zina. Dzulo ndakwera nayo kubwerera ku Ulongwe. Ndinaima pa Moatize, mahabu ofunda chabe. Ndinaimanso pa Mussacama kumangitsa ma grampo, ndipo nati iliyonse inalola pafupifupi theka la kuzungulira, ndiye a Mestre simunanama. Dzenje lija lilipobe, ndinalipatsa moni patali.

MakeMapasa
Munali matumba angati?

Nyemba_za_Domwe
Munalibe, mayi. Munali inu nomwe mutakhala kutsogolo.

Dalaivala_N7
Pokwera sanyamula nyemba, amayi. Mudzawerenge potsika.

AgogoNgolo_Domwe
Nanga chitsulo changa chija? Ndapereka thumba limodzi la mbatata.

Nyemba_za_Domwe
Agogo, chili pamwamba pa Hilux, ndabwera nacho. Koma habu imodzi ndi yabwinobwino ndi maberingi ake, thumba limodzi lachepa. Onjezani nkhuku.

AgogoNgolo_Domwe
Tambala ayi, ndi mmodzi yekha. Msoti ndikupatsani. Mubwere nacho Loweruka pa msika wa Domwe, mdzukulu wanga adzakhala pafupi ndi ogulitsa makasu.